Tinyumba ta pa Phiri la Mulanje

Anthu a ku Domwe ndi ku Ulongwe amachidziwa chisanu cha mu June, koma cha pamwamba pa phiri la Mulanje ku Malawi chimapha munthu. Nchifukwa chake kumeneko kuli tinyumba togonamo okwera phiri: Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi tina. Ka Chisepo ndiko kali pafupi ndi nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002.

M'tinyumbamo mulibe za kuhotela ayi. Mlonda amatunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kusonkha moto basi. Ufa ndi ndiwo mlendo amabwera nazo yekha, kapena amalipira anyamata a ku Likhubula kuti amsenzere. Anyamatawo ndiwonso amadziwa njira chifunga chikatseka. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womulondolera napitirira yekha ku Sapitwa. Mtembo wake unapezeka patatha masabata oposa awiri.

Tambiri mwa tinyumbati tidamangidwa ndi matabwa a mkungudza. Mtengowo watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto wolusa, moto womwewu umene osaka mbewa amayatsa m'mapiri a kuno chaka ndi chaka.