Udindo wa Boma Pamene Makhoti Atsekedwa

Pamene ogwira ntchito m'makhoti a m'Malawi ananyanyala ntchito kumayambiriro kwa 2012 pa nkhani ya malipiro, ovutika kwambiri anali a pa rimandi, ndiye kuti anthu otsekeredwa mlandu wawo usanagamulidwe. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino likuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma zimenezi sizingatheke popanda kalaliki wotsegula failo ndi womasulira woima pafupi ndi majisitireti. Ufulu wa makhoti, womwe ndi kuweruza mosalamulidwa ndi andale, suchotsa udindo wa boma, pakuti ndalama za makhoti zimavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo n'kutulutsidwa ndi Unduna wa Zachuma, choncho malipiro akachedwa kapena antchito akachepa, nduna ndi aphungu ayenera kuyankhapo pamaso pa anthu.