Nyanja ili pakhomo, bayoloji ikutheranji pabolodi?

Mwana wa ku Msaka kapena ku Chembe amadziwa kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Anadzionera yekha pagombe, tiana tikutayika m'kamwa mwa nsomba yokodwa m'khoka. Nanga bwanji akafika ku sekondale amauzidwa kuti angokhala duu, akopere manotsi a kuberekana kwa zamoyo ngati sadziwa kanthu?

Asayansi amachokera ku Ulaya ndi ku America kudzafufuza nsomba za mbuna m'miyala ya ku Cape Maclear. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Ndi sukulu zingati za m'boma la Mangochi zomwe zinapitako ndi ophunzira kukafufuza, osati kukangojambulitsa zithunzi?

Aphunzitsi adzati labotale kulibe, kalasi njodzaza, silabasi njaitali, MANEB sidikira munthu. Sakunama, ndipo unduna wa zamaphunziro uli ndi mlandu pamenepa. Komatu kutumbula chambo kumafuna magetsi ngati? Lumo, beseni ndi nsomba imodzi pagulu la ophunzira n'zokwanira kuti aone matumbo, ayerekeze ndi a kampango, kenako atsutsane chifukwa chomwe nsomba yodya ndere ili ndi matumbo aatali kuposa yodya zinzake.

Taonani nkhani ya likodzo. Ofufuza ku Chembe anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa kaamba ka usodzi wopyola muyeso, nkhono zofalitsa matendawa zinachuluka. Ana omwe akuloweza mayendedwe a tizilombo ta likodzo m'buku ndi omwewo osambira m'madzimo masana. Chikuletsa n'chiyani kuwatuma kwa asodzi achikulire kukafunsa zomwe zasintha m'makoka mwawo, n'kubwera kudzalumikiza okha mfundozo? Chambo chinapita kuti m'nyanja ya Malombe? Maukonde a udzudzu akamakokolola tiana ta nsomba m'mbali mwa gombe, chaka chamawa kudzaswana chiyani?

Maphunziro a SMASSE, omwe boma linayambitsa mothandizidwa ndi JICA, akhala akuuza aphunzitsi a sayansi kuti wophunzira azigwira, aziyesa, azifunsa. Ku Mpwepwe kuli koleji ya zausodzi, ku Monkey Bay kuli ofesi yofufuza za nsomba. Ndani angawalumikize ndi ma CDSS oyandikana nawo? Ndipo a MANEB, malikisi angati pa MSCE amapita kwa mwana wodziwa kufufuza yekha?