MADZI ODONTHA M'ZOMBO ZOYENDA USIKU

Abale athu apaulendo, lero tifuna kunenapo mau pa kanthu kamene ambiri akayesa kacabe, ndiko kudontha kwa madzi ocokera m'mabafa a zipinda zogonamo m'zombo zonyamula anthu usiku. Kapena wina adzati, Kodi mlembiyu wasowa nkhani, kuti atitayitse nthawi ndi madontho? Tipirireni pang'ono, pakuti ife tiyesa kuti m'dontho limeneli muli mlandu wa cilungamo, ndiponso wa moyo.

Tinakwerapo combo cina, dzina lace tisalichule, pamodzi ndi anzathu awiri, titagula matikiti a mtengo wapansi. Malo athu anali kunsi kwa zipinda za anthu andalama. Pakati pa usiku, mphepo itauka, tinadzidzimuka ndi madzi ofunda onunkha sopo alikugwera pa mabulangeti athu kucokera kudenga. Mnzathu mmodzi anali ndi mtolo wa nsaru ndi thumba la shuga, zimene anagulira amace ndi malipiro ace. Kutaca, nsaruzo zinali ndi mawanga a dzimbiri, ndi shugayo atasanduka phala. Koma iye wosambayo kumwamba anagona tulo tace tabwino, wosadziwa kanthu.

Tiyambe tafotokoza umo madziwa ayendera. Combo cotere cifanana ndi nyumba yosanja: poponda munthu mmodzi ndipo pali denga la mnzace. M'nyumba ya pamtunda mmisiri apendeketsa pansi pa bafa pang'ono, ndipo madzi alunjika ku kabowo kao masiku onse, popeza nyumba siisuntha. Koma combo cipendekera uku ndi uko ndi mafunde. Ndiponso katundu akalemera kutsogolo kapena kumbuyo, kutsetsereka kuja mmisiri anakonza sikugwiranso nchito, madzi nalambalala kabowo, naunjikana pangodya. Cifukwa cace omanga zombo aika kampanda kakafupi pakhomo pa bafa, kuti madzi asatulukire kucipinda. Tsono kabowo kakatsekeka ndi tsitsi ndi sopo, madzi akwera napyola kampandako. Cinanso, injini igwedeza combo usana ndi usiku, ndi thupi la combo lomwe lipindika pang'ono m'mafunde, kotero kuti mphira yomatira m'mbali mwa bafa ing'ambika. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Akapeza mng'aru alowa kunsi, natsata mipope ndi mawaya a magetsi, kufikira atatulukira pamutu pa wina, nthawi zina kutali ndithu ndi kumene anacokera.

Kodi madontho awa angamize combo? Iai, tisanamizane, combo ciri ndi mapampu otunga madzi ocuruka koposa amenewa. Zoipa zace nzina. Coyamba, njira ya pakati pa zipinda ikanyowa iterera, ndipo nkhalamba kapena mai wobereka mwana kumbuyo akagwa pa citsulo combo cirikugwedezeka, sauka msanga. Caciwiri, madzi ndi magetsi ndi adani, ndipo moto wa pakati pa nyanja ulibe kothawira. Cacitatu, dzimbiri lidya citsulo mobisika, pamalo posapenya maso. Inu oyenda pa nyanja ya kwathu mudziwa Ilala, imene inamangidwa ku Scotland m'caka ca 1949, nibwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, niyamba nchito m'caka ca 1951, ninyamula anthu zaka zoposa 70. Citsulo sicikhala pamadzi zaka zotere mwa mwai. Cikhala cifukwa alipo manja ocipala, ocipaka utoto ndi ociumitsa.

Koma cacikuru cimene titi tinene ndi ici: bafa lodontha ndilo mboni yosonyeza ngati eni combo ali ndi makutu. Dontho la tsiku limodzi ndi ngozi imene igwera ali yense. Dontho la miyezi itatu litanthauza kuti wina ananena, ndipo wina sanamve. Pa 6 March, 1987, combo ca Herald of Free Enterprise cinacoka pa doko la Zeebrugge ku Belgium kunka ku Dover, zitseko zace zakutsogolo zolowera magalimoto ziri zosatseka. Madzi a m'nyanja analowa, combo cinagwera cammbali cisanapite patali, nafa anthu 193. Bwalo lofufuza mlanduwo, lotsogozedwa ndi woweruza Sheen, linapeza kuti oyendetsa zombo za kampaniyo anapemphapo kale nyali zowadziwitsa ngati zitseko zatsekedwa, koma akuru a pamtunda sanasamale pempholo. Sitinena kuti bafa lodontha ndi citseko cosatseka ziri cinthu cimodzi ai. Tinena kuti khutu lozolowera kusamva zazing'ono ndi lomwelo lidzagontha pa tsiku la zazikuru.

Tidziwa cimene eni zombo adzayankha. Adzati combo cifika mamawa nicibwerera madzulo, ndipo nthawi yokonza njocepa; adzatinso kukonza kudya ndalama, ndi mtengo wa tikiti udzakwera. Mau awa sali onama onse, ndipo amalinyero ambiri agwira nchito yolemetsa ndi tulo tocepa, sitiwaneneza iwo. Koma tiyese zinthu ziwirizi pamuyeso. Kutsuka kabowo ndi kumata mng'aru ndi nchito ya munthu mmodzi tsiku lomwelo. Kucotsa citsulo codyedwa ndi dzimbiri kufuna kuti combo conse ciime padoko, cosapindula kanthu. Ndipo ngati nthawi yasowadi, atseke cipindaco, asacigulitse kufikira citakonzedwa. Kulandira ndalama za munthu wa kumwamba ndi kunyowetsa munthu wa kunsi, ndiko kulipiritsa wosauka mtengo wa kusamba kwa wolemera.

Tsono ife apaulendo ticitenji? Inu amene Mulungu wakudalitsani ndi kugona m'cipinda, penyani ngati madzi alikutsika pakabowo. Mukaona alikukwera, tsekani mpope, nimuuze wanchito wa m'zipinda usiku womwewo, pokumbukira kuti kunsi kwa mapazi anu kwagona mwana wa munthu. Ndipo ife a kunsi tisiye cizolowezi cathu congosuntha mphasa ndi kukhala cete, poopa kuti adzatiyesa amwano. Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Tipite kwa mkuru wa anchito mwaulemu, timuonetse podonthapo, tichule malo ndi nthawi, ndi kupempha kuti alembe m'buku lace ife tirikupenya. Pakuti mau a pakamwa auluka, koma colembedwa cidikira mwini wace. Katundu akaonongeka, timuonetse tisanatsike, cifukwa padoko adzati munamnyowetsa nokha.

Mnzathu uja sananene kanthu usiku umenewo, ndi ifenso sitinamnenera, tinangosuntha mabulangeti. Ticita nazo manyazi kufikira lero, pakuti tidziwa kuti usiku wotsatawo pamalo pomwepo panagona wina ndi mtolo wace. Tikiti ya mtengo wapansi siigula kama kapena bafa, izi tibvomereza. Koma denga louma ndilo liyenera munthu ali yense amene walipira ulendo.