Damu labwino silithamangitsa madzi

Ife okhala kuno ku Makwasa tikudziwa kuti mvula ikagwa mwamphamvu m'minda ya tiyi, sipatenga ola kuti Nsuwadzi afiire. Kufiirako ndi dothi lathu lomwe likupita. Madzi amenewa amathera mu Ruo, ndipo Ruo amakawatula mu Shire pa Chiromo, pomwe abale athu amasamuka madzi akasefukira. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anatikumbutsa zimenezi mowawa.

Maesiteti a tiyi ali ndi madamu osungira madzi othirira m'chilimwe, ndipo ndi ofunikadi. Koma ife tikuti damu lili ndi ntchito yachiwiri: kugwira madzi a mvula n'kuwatulutsa pang'onopang'ono. Damu lodzaza kale kapena lokwiririka ndi matope silingathe kutero. Madzi ongofika amangodumpha, n'kugwera m'khwawa onse pamodzi. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake gombe limagumuka, mlatho umakokoloka, dimba la ndiwo limakwiririka ndi mchenga.

Zofunika kuchita n'zodziwika. Matope azichotsedwa dzinja lisanafike. Damu lizisiyidwa ndi malo olandirira mvula yoyamba, komanso paipi yotulutsa madzi mosalekeza koma modekha. Pogwera madzi payalidwe miyala yoti iwaphe mphamvu, ndipo m'mbali mwa khwawa mubzalidwe vetiva ndi mitengo yachilengedwe. Akafuna kutsegula damu, mafumu a kumunsi azidziwitsidwa kaye, chifukwa kumeneko kuli ana owoloka popita kusukulu.

Wina anganene kuti kusadzaza damu n'kuluza madzi othirira, ndipo tiyi ndi amene amadyetsa mabanja ambiri m'boma lino. N'zoona. Koma damulo likhoza kudzazidwa chakumapeto kwa dzinja, pomwe dothi lokokoloka silibwerera.

Tisaloze chala maesiteti okha. Adventist akhala pa Malamulo kuyambira 1902, ndipo madenga a malata, misewu ndi mabwalo athu nazonso zimakhuthula madzi. Madzi saiwala khwawa. Akachoka pakhomo pathu amakafika pakhomo pa wina. Genesis 2:15 imatipatsa udindo wosamala munda, osati kungodyamo.

Mvula ikadzagwanso, titsatire ngalande ya ku hositelo kapena ya kutchalitchi kwathu mpaka pomwe ikuthera. Tikapeza chigwembe, titenge makasu, miyala ndi vetiva Lamlungu m'mawa.