CHENJEZO KWA OGULA NDI OSUNGA MADOLA ACHITSULO A KU AMERICA

Ngati mwayamba kutolera ndalama zakale zachitsulo za ku America, kapena wina wakutsatsani dola yasiliva pa intaneti, chonde musafulumire kulipira. Akathyali akudyera anthu pa mabuku a mitengo. Amakuonetsani dola, kenako tsamba la buku pomwe palembedwa madola masauzande, n'kukuuzani kuti akupatsani motchipa chifukwa ali pa vuto. Mtengo wa m'bukuwo ukhoza kukhala woona ndithu, koma ndi mtengo wa ndalama yeniyeni, ya mtundu womwewo, yosungika bwino monga bukulo lanenera. Zitatu zimenezi buku silingakutsimikizireni.

Ambiri akupusitsidwa ndi kachilembo kamodzi. Dola yotchedwa Morgan inasulidwa kuyambira 1878 mpaka 1904, kenako mu 1921. Kumbuyo kwake, m'munsi mwa chiwombankhanga, kumakhala chilembo chosonyeza komwe inasulidwira: S ndi San Francisco, O ndi New Orleans, CC ndi Carson City, D ndi Denver, pomwe za ku Philadelphia zilibe chilembo. Mu 1893 ku San Francisco anasula 100,000 zokha, motero ndi zosowa komanso zodula kwambiri. Akamberembere amatenga ya chaka chomwecho ya ku Philadelphia n'kumatapo S. Pa dola ya Peace ya 1928 amachita zosemphana. Yosowa ndi ya ku Philadelphia, choncho amapala S pa ya ku San Francisco kuti ioneke yopanda chilembo. Wina akakutsatsaninso dola ya 1804, dziwani kuti zenizeni zodziwika padziko lonse zilipo zowerengeka chabe.

Musakhulupirirenso aliyense wokuuzani kuti dola yake ndi "ya mtundu wapadera". Mitundu yapadera ilipodi. Morgan za 1878 zina zili ndi nthenga 8 kumchira kwa chiwombankhanga, zina 7, ndipo Leroy Van Allen ndi A. George Mallis anandandalika kusiyana kotereku m'kaundula amene lero amatchedwa VAM. Koma mitundu yambiri ya m'kaundulayo siwonjezera mtengo kwenikweni. Dola ya Sacagawea ya 2000 yomwe osonkhanitsa amailimbirana ndi ya nthenga zooneka bwino timizere, imene inapezeka pakati pa 5,500 zomwe zinaikidwa m'mabokosi a chakudya cha Cheerios. Zinzake mamiliyoni ankhaninkhani zimene zinayenda m'manja mwa anthu n'za dola imodzi basi, ndipo ngakhale zimawala ngati golide, mulibe golide ngakhale pang'ono. Mu 2007 madola ena a George Washington anatuluka opanda malemba a m'mphepete, ndipo anthu ena anayamba kunola mphepete za madola wamba kuti afanane nawo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nalo buku lili ndi malire ake. Lodziwika kwambiri, lomwe amalitcha Red Book, linayamba kutuluka mu 1946 ndipo limasindikizidwa kamodzi pachaka, pomwe msika umasintha tsiku ndi tsiku. Mitengo yake ndi yomwe wamalonda amagulitsira. Pogula kwa inu adzakupatsani yocheperapo. Mtengo umadaliranso giredi ya kasungidwe ka dolayo, yomwe imayambira pa 1 kulekeza pa 70, ndipo kusiyana kwa nambala imodzi kumtunda kumatha kuchulukitsa mtengo kangapo. Mwini ndalama nthawi zonse amayang'ana mzere wa mtengo wokwera, pamene wogula wodziwa amayang'ana timikwingwirima ndi kuperepeseka kwa tsitsi ndi nthenga.

Kumbukirani zomwe zinachitikira Morgan ya 1903 ya ku New Orleans. Inkawerengedwa ngati imodzi mwa zosowa kwambiri, yatsopano n'kumatchulidwa pa madola 1,500. Chakumapeto kwa 1962 boma la America linatulutsa matumba a ndalamazi omwe anakhala m'nkhokwe zaka zambiri, ndipo mtengo unagwa kufika pa madola 30 kapena chapomwepo. Amene anaigula podalira buku anataya chuma chawo.

Musanagule, chitani izi:

1. Ikani dola pasikelo. Morgan ndi Peace zosaperepeseka zimalemera magalamu 26.73, ndipo m'mimba mwake ndi mamilimita 38.1.
2. Yandikizani maginito. Ikamata ndi yabodza, chifukwa siliva ndi mkuwa sizimata. Ikapanda kumata musakhutire, popeza zabodza zambiri sizimatanso.
3. Unikani chaka ndi chilembo ndi galasi lokuza zinthu, muone ngati pali popalidwa kapena pomatidwa.
4. Dola yodula gulani yokhayo yoyesedwa ndi kampani ya PCGS kapena NGC n'kuikidwa m'kabokosi kapulasitiki. Fufuzani nambala yake pa intaneti, ndipo ngati chithunzi chilipo chiyerekezeni ndi dolayo, poti timabokosi tapulasitiki tabodza tiliponso.
5. Onani mitengo yomwe zinzake zinagulitsidwiradi posachedwa, osati yomwe otsatsa akupempha.

Inu amene muli nazo kale, kaya za chisiyire cha makolo kaya zogula, musazitsuke kapena kuzipukuta kuti ziwale, chifukwa dola yotsukidwa imagwa mtengo ndipo sibwereranso mwakale. Wogulitsa akakana kuti dola iyesedwe, kapena akamakukakamizani kulipira lero lomwe, musiyeni apite nayo. Chonde dziwitsani abale ndi anzanu za chenjezo ili asanabetse ndalama zawo.