ZA UMOYO WATHU: M'dazi Mulibe Golide

Mwamuna wa dazi sasowa omuseka m'mudzi. Ana amanong'onezana kuti pamutu pa ambuye patsegulidwa bwalo la ndeke, pomwe akulu pa mowa amati dazi ndi cizindikiro ca cuma. Nthabwala zotere zimakoma ndithu, koma zikalowa m'mitima ya anthu aumbombo zimabala maliro. M'caka ca 2017, m'boma la Milange ku Mozambique, kufupi ndi malire a Malawi, amuna angapo a dazi anaphedwa ndi anthu okhulupirira kuti m'mitu mwao muli golide, kotero kuti apolisi a kumeneko anacita kucenjeza amuna onse a dazi kuti adzisamale. Nkoyenera tsono, awerengi, kuti tidziwe bwino cimene cimadya tsitsi la abambo.

Pamutu pa munthu pali tsitsi lokwana ngati 100,000, ndipo lililonse limamera m'kathumba kake kobisika m'khungu. M'magazi a mwamuna mumayenda mphamvu yacimuna yochedwa testosterone, imene imameretsa ndevu ndi kukulitsa mau. Ina mwa mphamvuyi imasanduka cinthu cimene madokotala amacicha DHT. Kwa amuna ena, DHT imafotetsa timatumba ta pamphumi ndi paliwombo pang'onopang'ono. Tsitsi likathothoka, lomera m'malo mwake limakhala lalifupi ndi lopyapyala ngati la khanda, mpaka pomaliza osaonekanso. Timatumba ta m'mbali ndi kunkhongo sitimva kanthu, ndiye cifukwa cake nkhalamba imatsala ndi nkhata ya tsitsi kuzungulira mutu.

Amene anaunikira zimenezi ndi Dokotala James Hamilton wa ku America. M'caka ca 1942 iye anaonetsa kuti amuna ofulidwa asanathe msinkhu sacita dazi, ngakhale abale ao onse akhale nalo. Mlimi wosunga ng'ombe sangadabwe, pakuti adziwa kusiyana kwa nkhunzi ndi ng'ombe yofula.

Dazi ndi lakumtundu, ndipo limacokera kucimuna ndi kucikazi komwe. Mnyamata wofuna kudziwa za mawa ayang'ane mutu wa atate ake, ayang'anenso wa amalume ake. Ena limawayamba asanakwatire nkomwe, koma ambiri limawakulira akamapitirira zaka 40 kapena 50. Cisoti cilibe mlandu, mfiti ilibe mlandu, ndipo kumeta ndi lumo sikubweza tsitsi limene linapita.

Mankhwala odziwika alipo awiri. Minoxidil, amene poyamba anali a matenda a kuthamanga kwa magazi, anavomerezedwa ku America m'caka ca 1988 kuti azipakidwa pamutu. Mapiritsi a finasteride anatsatira mu 1997, ndipo nchito yao ndi kucepetsa DHT. Onsewa amangocedwetsa dazi ndi kudzutsa timatumba tomwe tisanafe. Munthu akawaleka, tsitsi lija limapitanso m'miyezi yowerengeka. Finasteride amafooketsa amuna ena m'nyumba, ndipo mai wapakati sayenera kugwira piritsi losweka. Poona zimenezi, ine sindiona nzeru m'kugulitsa mbuzi kapena thumba la cimanga kuti tigule kabotolo ka mafuta kwa wamalonda wa pamsika, amene iye mwini sabvula cisoti cake.

Koma pali kuthothoka kwina kosayenera kukuseka. Dazi lenileni limayenda mwakacetecete kwa zaka zambiri, siliyabwa ndipo silipweteka. Tsitsi likayamba kucoka msangamsanga m'mabala ozungulira, kapena pakakhala zilonda, mafinya ndi nkhanambo, amenewo ndi matenda. Kawirikawiri zimakhala zipere, makamaka kwa ana a sukulu ometedwa ndi lumo limodzi, ndipo kwa akulu nthawi zina cimakhala cindoko. Zonsezi zimacizika ku kiliniki, koma pamene cilonda casiya cipsera, tsitsi silimeranso.