Tiwaphunzitsenso kubweza kiyi

Amene tinagonapo m'mahositelo kusekondale tikulidziwa vuto la kiyi. Wina akamaliza Fomu 4 n'kupita osabweza kiyi, loka yake imakhala yotseka chaka chonse pamene mwana wa Fomu 1 akusowa poika katundu. Nthawi zinanso lokayo imaperekedwa kwa wina mwini wakale akadali ndi kiyi m'thumba, ndipo apa m'pamene shuga ndi sopo zimayamba kusowa.

Mavuto awiriwa aliponso m'kompyuta. Pulogalamu yotchedwa kernel ndi imene imagawa malo a memory kwa mapulogalamu ndi zipangizo zonse. Kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, ndi yomwe ili m'mafoni athu a Android. Kumakina akuluakulu osunga masamba a pa intaneti, kompyuta imodzi imagawidwa n'kukhala makompyuta ambiri ongoyerekeza, iliyonse ndi disiki komanso khadi ya netiweki zongoyerekeza. Mu Linux ntchitoyi imadalira KVM, yomwe inalowa mu 2007, ndi virtio ya Rusty Russell, yomwe inabwera mu 2008.

Chipangizo chotere chikamachotsedwa, driver yake iyenera kuyamba yachiimitsa, kenako itolere malo onse amene inachibwereka, pomaliza iwabweze kwa kernel. Ikaiwala kubweza, memory imatha pang'onopang'ono mpaka makina kufooka. Ikabweza isanachiimitse, chipangizocho chimapitiriza kulemba pamalo amene aperekedwa kale kwa wina, ndipo mbava za pa intaneti zimapezerapo khomo. Mu 2020 opanga Chromium ananena kuti pafupifupi 70 peresenti ya zolakwika zazikulu zachitetezo mu pulogalamu yawo zinali zokhudza memory, ndipo theka la zimenezi linali kugwiritsa ntchito malo obwezedwa kale. Mu 2015 kunapezekanso VENOM, cholakwika cha mu floppy yongoyerekeza ya QEMU, chomwe chinkalola kulemba kupyola malo amene anaperekedwa. Chinakhalamo kuyambira 2004 osaonedwa.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi, nkhaniyi ikutikhudza. Ena mwa ife tidzaphunzitsa za makompyuta, ndipo chiyeso chidzakhala kupereka malikisi onse pulogalamu ya mwana ikangotulutsa yankho lolondola. Tikuti zimenezo n'zosakwanira. Pokonza malikisi tizifunsanso ngati mwanayo watseka fayilo imene anatsegula, ngati wabweza zimene anabwereka, komanso chimene chingachitike pulogalamuyo italephera ili pakati.

Anzathu ena akuti uku n'kulemetsa ana pachabe, chifukwa mwana wa Fomu 3 salemba kernel, ndipo Python imadzisesera yokha memory. Akunenadi zoona, ndipo ngakhale Linux inayamba kulandira chilankhulo cha Rust mu 2022 pofuna kuchepetsa zolakwika zoterezi. Komabe gawo lalikulu la kernel likadali m'chilankhulo cha C, chimene sichikumbutsa munthu kubweza kanthu. Ndiponso palibe chilankhulo chimene chingaganizire munthu kuti chipangizo chiimitsidwe liti. Amene adzakonze zimenezi mawa ali m'makalasi lero, ndipo mwana amene wazolowera kulandira malikisi onse pa ntchito yosamaliza sadzasintha msanga akadzalembedwa ntchito.

Tikamapita kokayeserera kuphunzitsa, tiyeni tisiye malikisi angapo pa mizere yomaliza ya pulogalamu, ndipo tiwauziretu anawo kuti tidzaiwerenga.